Akakuimitsani apolisi apamsewu pakati pa Bvumbwe ndi Muloza: mafunso ndi mayankho

Msewu wa M2, wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo, Luchenza ndi Chitakale mpaka kuchipata cha Muloza, umayenda aliyense: minibasi, ma Sienta, mathirakitala a masamba a tiyi, malole a nthochi ndi zinanazi, komanso njinga zamoto zosawerengeka. Madandaulo okhudza apolisi apamsewu nawonso ndi ochuluka. Ena ndi oona, ena ndi a munthu amene wagwidwa akudziwa bwino lomwe kuti walakwa. Awa ndi mafunso amene madalaivala, akabaza ndi okwera amafunsa kawirikawiri.

Kodi wapolisi angandiimitse ndisanalakwe chilichonse?

Inde. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limapatsa wapolisi wovala yunifolomu mphamvu yoimitsa galimoto, kuona laisensi ya woyendetsa ndi kuyendera galimotoyo ngati ili yoyenera kukhala pamsewu. Sachita kudikira kuti mulakwe kaye. Amayang'ana ngati laisensi yanu ndi ya kalasi ya galimoto imene mukuyendetsayo, ngati COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino) ndi inshuwalansi sizinathe masiku, kenako matayala, nyali, malamba ndi tizikwangwani tonyezimira ta makona atatu toika pamsewu galimoto ikawonongeka.

Woyendetsa galimoto ya malonda amafunikanso chilolezo cha PrDP, chokhala ndi chilembo P ngati amanyamula anthu, kapena G ngati amanyamula katundu. Apa ndi pamene a matola ambiri amagwera. Galimoto inalembetsedwa ngati yapakhomo, nambala yake si yofiira, chilolezo chonyamulira anthu palibe, koma ikuyenda pakati pa Chitakale ndi Limbuli itadzaza mpaka kubuti.

Ndalama ya chindapusa amangoiganiza wapolisiyo?

Ayi. Mlandu uliwonse uli ndi mtengo wake umene boma limasindikiza mu Gazette, nyuzipepala yolengezeramo malamulo, ndipo mitengoyi imasinthidwa nthawi ndi nthawi. Musanapise m'thumba, funsani mwaulemu: "Bwana, mlandu wanga ndi uti, ndipo mtengo wake walembedwa pati?" Wapolisi amene akugwira ntchito mwachilungamo funso limeneli silimuwawa.

Mukalipira, landirani lisiti la boma, lija timati GR. Muliwerenge musananyamuke. Likhale ndi nambala yake yosindikiza, tsiku lalero, dzina lanu kapena nambala ya galimoto, mlandu umene mwalipira, ndalama, ndi siginecha ya wolandira. Chofunika kwambiri kuona ndi chakuti ndalama yolembedwayo ikufanana ndi imene yachoka m'manja mwanu. Likalembedwa theka, theka linalo silifika kuboma. Kapepala kong'amba m'kope si lisiti. "Tikulemberani pobwerera" si lisitinso.

Ena amaliyesa lisitilo chiphaso choyendera tsiku lonse. Lisiti limangotseka mlandu umene mwalipirawo. Tayala losalala likadali losalala, ndipo galimoto imene ikuoneka kuti ingaphe anthu apolisi angathe kuiletsa kupitirira ngakhale mwalipira.

Nanga ndikaona kuti sindinalakwe?

Dziwani kuti kulipira chindapusa pamsewu ndiko kuvomera mlandu. Simungalipire lero, mawa n'kumati anakunamizirani. Ngati mukukana, nenani pomwepo mosakweza mawu kuti nkhaniyo ikaweruzidwe ndi majisitireti. Makhoti alipo pa boma la Thyolo komanso la Mulanje.

Kukhoti amafuna umboni, osati mkwiyo. Lembani dzina kapena nambala ya wapolisiyo, malo ndi nthawi. Ngati akuti munathamanga, pemphani akuonetseni zimene kamera yajambula, muone ngati galimoto ili pamenepo ndi yanudi. Jambulani pafoni chikwangwani cha liwiro, kapena malo amene chinayenera kukhala ngati chinazulidwa. Ngati nkhani ndi ya tayala kapena nyali, jambulaninso zimenezo nthawi yomweyo, ndipo mutenge nambala ya foni ya wokwera mmodzi amene angakhale mboni. Akasunga laisensi yanu kapena makiyi, funsani polisi imene mukazipeze, ndipo akulembereni.

Tisanamizane, njira imeneyi imadya nthawi. Tsiku la geni limatayika, mwina awiri, ndipo khoti likakupezani olakwa lingapereke chilango choposa chimene mukanalipira pamsewu. N'chifukwa chake ambiri amangolipira ngakhale mtima ukuwawa. Koma ngati mulidi ndi umboni, njira yokanira mlandu ndi imeneyi basi. Kutukwana kapena kuthawa pa rodibuloko kumangowonjezera mlandu wina pamwamba pa woyambawo.

Ya fanta imathandiza tonse. Vuto lake n'chiyani?

Zimayenda chonchi, ndipo aliyense wokwera minibasi anazionapo. Galimoto imaima patsogolo pang'ono, kondakitala n'kutsika kuthamangira kumbuyo atapinda kangachepe mkati mwa mapepala. Pakangopita mphindi, wabwera, ulendo ukupitirira. Palibe amene wayang'ana tayala, palibe amene wawerenga anthu. Akachedwa pang'ono, okwera omwewo ndi amene amayamba kukuwa kuti "ingowapatsani tizipita". Madzulo ake, okwera omwewonso akudandaula kuti apolisi apamsewu ndi akatangale.

Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 silisankha mbali. Wolandira ndi wopereka onse ndi olakwa, ndipo chilango chake chimafika zaka 12 kundende. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zoona, wapolisi ndi amene ali ndi mphamvu pamenepo, ndipo akachita kuumiriza, kulakwa kwake n'kokulirapo. Koma dalaivala amene amadzuka m'mawa atapatuliratu ya pa rodibuloko, m'malo mogula tayala, sangadzitche wozunzidwa.

Ndalamayo sichokera m'thumba la mwini minibasi. Amaibweza pokweza anthu anayianayi pa mpando wa atatu, powonjezera mtengo, ndiponso pothamanga kuti apange maulendo ambiri. Mabuleki amene anayenera kukonzedwa mwezi watha amakataya pamtsetse. Ngozi ikachitika, kampani ya inshuwalansi imafunsa zomwe zija wapolisi sanafunse: laisensi inali ya kalasi yanji, COF inali yamoyo kodi, munali anthu angati. Mayankho akakhala olakwika, chipukuta misozi chimavuta, ndipo wovulala amatsala akuyendera maofesi ndi ndodo.

Apolisi ena nawonso amaphwanya malamulo. Ndiwamvere bwanji?

Alipo otero, ndipo anthu sakunama akamanena. Koma kulakwa kwa wapolisi sikufufuta kulakwa kwanu, monganso kulakwa kwanu sikum'patsa iye ufulu wokutukwanani, kukumenyani kapena kukulandani ndalama popanda lisiti. Ndi milandu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi kopita kwake.

Dandaulo loyamba lingapite kwa mkulu wa polisi ya dera limene zachitikira, kaya ndi Thyolo, Luchenza kapena Mulanje. Ngati simukhutira, kapena nkhaniyo ndi ya nkhanza, pali bungwe loima palokha la Independent Complaints Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Police Act la 2010 kuti lizifufuza madandaulo a anthu okhudza apolisi. Nkhani ya ziphuphu ndi ya ACB, bungwe lothana ndi katangale.

Madandaulo ambiri amafera panjira chifukwa wodandaula amangoti "apolisi a pa rodibuloko paja". Tchulani tsiku, ola, malo enieni, dzina kapena nambala ya wapolisi, nambala ya galimoto yawo ngati inalipo, ndalama imene anafuna ndi mawu amene ananena. Lilembeni, musunge kope lanu. Kutaya chithunzi cha munthu pa Facebook ndi mawu achipongwe si kudandaula, ndipo mukalakwitsa munthu, mlandu umatembenukira kwa inu.

Njinga yamoto ndinagula ku Milange ndi ndalama zanga. Andilandiranji?

Lisiti la sitolo ya ku Mozambique limangosonyeza kuti munagula. Kuti njingayo iyende pamsewu wa Malawi, iyenera kudzera ku MRA, bungwe lotolera misonkho, kuti ilipiridwe msonkho, kenako ikalembetsedwe ku ofesi ya Road Traffic, ipatsidwe nambala, ikhalenso ndi inshuwalansi. Njinga yolowa njira zachidule, osadzera pachipata cha Muloza, imakanika pa sitepe yoyamba yomweyo, chifukwa popanda mapepala a MRA kulembetsa sikutheka.

Woyendetsa akhale ndi laisensi: A1 ngati injini siposa 125cc, A ngati ndi yokulirapo. Laisensi ya galimoto yaing'ono, ya kalasi B, si ya njinga yamoto. Chipewa avale onse awiri, woyendetsa ndi wokwera, ndipo amange lamba wapachibwano, chifukwa chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi. Wokwera ndi mmodzi. Mayi, mwana kumbuyo, wina pathanki ndi thumba la chimanga pamwamba, zonsezo ndi katundu amene mabuleki a njinga yaing'ono sanapangidwire.

Akabaza akamati kulembetsa n'kodula ndipo ofesi ili kutali ku Blantyre, akunena zoona, ndipo ndi nkhani yoyenera kuikankha kudzera m'magulu awo ndi kwa aphungu. Koma pamsewu, wapolisi amaona lamulo limene lilipo lero. Njinga ikagwidwa, onetsetsani kuti yalembedwa m'buku la papolisi ndi nambala ya injini ndi ya chesisi, muuzidwe mlandu wake, ndipo chilichonse chimene mungalipire poiwombola chikhale ndi GR.

Ndangomwa awiri okha. Ndi mlandu?

Malire a lamulo ndi magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Kuwerenga mabotolo sikuthandiza, chifukwa zimatengera thupi la munthu, zimene wadya ndi mtundu wa mowa, ndipo kachasu sadziwika n'komwe mphamvu yake. Akakupatsani kachipangizo kouzira, uzirani. Kukana sikukupulumutsani.

Ndikagunda munthu ndichite chiyani? Anthu angandiphe pomwepo.

Lamulo likuti muime, muone ngati pali wovulala, mum'thandize, ndipo mukanene kupolisi msanga, asanathe maola 24. Mantha a gulu la anthu olusa ndi enieni, makamaka pamisika yodzaza ngati Bvumbwe kapena Limbuli tsiku la msika. Ngati moyo wanu uli pachiswe, lunjikani kupolisi imene ili pafupi, mukanene zonse ndi malo ake. Kupita kunyumba, kubisa galimoto kapena kuyamba mwakonzetsa bampala ndiko kuthawa, ndipo khoti limasiyanitsa zinthu ziwirizi.

Galimoto ikatsala pamsewu, ikani tizikwangwani ta makona atatu tija, kena kutsogolo kena kumbuyo, patali ndithu kuti wobwera apeze mpata woima. Nthambi za mitengo zimene tinazolowera sizinyezimira, ndipo chiperoni chikatsika m'makona a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, dalaivala amaziona atafika kale. Pewaninso kungogwirizana pambali ndi achibale a wovulala popanda apolisi. Kampani ya inshuwalansi imafuna lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, ndipo munthu amene amaoneka kuti wangosupuka lero angathe kugonekedwa mawa.

Mukamangidwa, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti muuzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene mumamva, muli ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo mufikitsidwe kukhoti asanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, mupite tsiku loyamba limene latsegula. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Amene angafunike ndi achibale kapena anansi odziwika okhala ndi ziphaso zaunzika, oti akuimireni kuti mudzabwera tsiku limene mwauzidwa.