Nyama yolasidwa ikalowa mu esiteti ya eni, ndi ya ndani?

Anthu a ku Chigumula, Bvumbwe mpaka kukafika ku Thyolo mkangano uwu amaudziwa bwino. Anyamata adzutsa gwape kumunda, amuthyola mwendo ndi chibonga, agalu ali pambuyo, kenako nyama ija yakwawira pansi pa waya nkulowa mu esiteti. Magazi akuoneka bwinobwino pa udzu koma kutsogoloku kwaima mlonda akuti bwererani. Anyamata akuti nyama ndi yathu talasa ndife, mlonda akuti chilichonse chili mkati muno ncha abwana. Palibe akunama apa, kungoti aliyense wagwira lamulo la nthawi yake, ndipo malamulo awiriwa anayamba kugundana kalekale mzinda wa Blantyre usanakule nkomwe.

Kwa makolo athu, amang'anja ndi ayao omwe, nkhaniyi inali yosavuta. Pa uzimba mwini nyama anali amene wayamba kulasa, olo ithawe mtunda wautali bwanji nkukagwera kwina. Amene wadzaimaliza ankapatsidwa gawo lake, kawirikawiri mwendo, koma osati nyama yonse. Ikakafera m'dziko la mfumu ina simunkabwezedwa ayi, munkapita kukaonekera kwa eni dziko nkuwadulirako yawo, basi nkhani yatha. Pa njovu ndiye mwambo unali wodziwika, mnyanga umene wagunda pansi unkapita kwa mfumu ya dzikolo, winawo nkukhala wa mlenje. Ndekuti mwini malo ankalemekezedwa ndithu, koma ulemu wake unali kudya nawo, osati kutsekereza njira munthu amene akulondola magazi a nyama yake. Paja tchire silinali munda wa munthu, munda unali pomwe walima.

Zinthu zinatembenuka azungu atafika. Mishoni ya Blantyre inakhazikika mu 1876, a Mandala nkubwera mu 1878, ndipo posakhalitsa azungu ena anayamba "kugula" malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda kuno, anayamba kupereka mapepala otchedwa Certificates of Claim otsimikiza kuti malowo ndi awodi. Si malo ochepa aise. Eugene Sharrer yekha anali ndi maekala oposa 360,000, a A. L. Bruce ku Magomero oposa 160,000. Mapepala ambiri anali ndi mawu akuti midzi ndi minda yomwe ilipo kale isasokonezedwe, koma tchire la pakati pa midzi, komwe anthu ankasakako, kutola nkhuni ndi kumweta udzu, linasanduka la munthu mmodzi pa pepala. Mu 1903 jaji Nunan anaweruza mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa mokomera anthu okhala m'malowo, koma pansi zinthu sizinasinthe kwenikweni, thangata anapitirira, ndipo kuwawa kwa moyo wa m'maesiteti ndi kumodzi mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915.

Chimene ambiri sitichiona ndi chakuti pamodzi ndi mapepalawo kunabweranso maganizo a ku England pa nyama zakutchire, sinanga kuyambira 1902 makhoti a boma kuno ankatsata lamulo la kumeneko. Kwa iwo nyama imatsata nthaka. Pa mlandu wa Blades v Higgs mu 1865, wokhudza akalulu, akuluakulu a malamulo ku London anagamula kuti nyama yophedwa pamalo a munthu ndi wolowa mopanda chilolezo ndi ya mwini malo, osati wopha. Nde taganizani, agogo athu akuyang'ana mkondo wa ndani wayamba kulowa m'thupi, mzungu akuyang'ana nyamayo yagwera pa nthaka ya ndani. Angamvane bwanji anthu amenewa?

Kenako panabwera malaisensi. Malamulo a nyama a mu 1897 anatseka dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire nkuika laisensi yodula yoti munthu wamba sakanaikwanitsa, ndipo malamulo otsatira, makamaka a m'ma 1920, anakhwimitsa zinthu pa kasakidwe kathu ka maukonde, mbuna ndi misampha. Mzungu wa mfuti anakhala mlenje wovomerezeka, mwini dziko wa uta ndi agalu anasanduka wakuba nyama. Ndipo nguluwe ikamaliza chimanga chako nkuthawira m'nkhalango ya esiteti inkakhala ngati khoswe wa pamkhate, ukuiona koma sungaichite kanthu.

Titalandira ufulu mu 1964 mawaya aja sanagwe, ena anangosintha eni ake, ena nkudulidwa kukhala mapuloti ndi mafamu a anzathu omwe achikuda, amene pena amakhwima kuposa atsamunda aja. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992 linabweretsanso mwini wachitatu, limati nyama zakutchire zili m'manja mwa boma poimira Amalawi onse, ndipo kusaka nyama ngati gwape kapena mbawala kumafuna laisensi. Atalikonzanso mu 2017 zilango zinakwera, pa nyama zotetezedwa kwambiri munthu atha kukaseweza mpaka zaka 30. Ndiye mnyamata wa gwape uja akati apite kupolisi kukadandaula kuti mlonda wamulanda nyama, funso loyamba likhala lakuti pepala lako losakira lili kuti, ndipo nyama ikathawira ku Michiru komwe ndi malo otetezedwa ndiye osayerekeza nkomwe kuilondola.

Maiko ena anaiganizirako nkhaniyi. Ku America boma la Iowa limalola mlenje kulowa pamalo a wina kukatenga nyama yomwe wailasa movomerezeka, bola alowe wopanda mfuti, pomwe m'maboma ena ambiri umayenera kupempha kaye ndipo mwini malo akakana wakana. Za ku Iowa zija ine ndimaona kuti zayandikirako nzeru za makolo athu, chifukwa kusiya nyama yothyoka mwendo ikafere m'tchire la bulugama nkuwolera momwemo sikupindulira wina aliyense, ngakhale abwana amene mwina ali ku Namiwawa sakudziwa nkomwe kuti pamalo pawo pali gwape.

Chimene chimachitika pawaya masiku ano nchakuti mlandu amauweruza ndi mlonda yekhayekha. Wina amaopa ntchito nkukubwezani, agalu akalowa okha amawathamangitsa ndi miyala. Wina amayang'ana uku ndi uku, nkunena kuti mmodzi yekha alowe, zibonga musiye panja, mutuluke msanga kapitawo asanadutse, koma mwendo wakumbuyo ukhale wanga.