Masiku atatu aja si maola 72

Pasaka akamayandikira, funso lomwe lija limabukanso: ngati Yesu anafa Lachisanu n'kuuka Lamulungu m'mamawa, nanga masiku atatu, usana ndi usiku, amene pa Mateyu 12:40 ananena kuti adzakhala m'manda akukwana bwanji? Ena afika pophunzitsa kuti anapachikidwa Lachitatu. Vuto lake n'loti tikuwerengera ndi wotchi yathu.

Kwa Ayuda tsiku linkayamba dzuwa likalowa, ndipo kachigawo ka tsiku kankawerengedwa ngati tsiku lathunthu. Yesu anamwalira cha m'ma 3 koloko masana, n'kuikidwa m'manda dzuwa lisanalowe. Limenelo ndi tsiku loyamba. Sabata la Ayuda, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo, ndi lachiwiri, ndipo lotsatira linayamba Loweruka madzulo.

Taonani chitsanzo cha mfumukazi Estere m'Baibulo. Anapempha anthu ake kuti asale kudya masiku atatu, usiku ndi usana, koma analowa kwa mfumu pa tsiku lachitatu lomwelo, osadikira lachinayi.

Ine umboni umene umandikhutiritsa kwambiri ndi wa ophunzira awiri a pa njira ya ku Emau. Ankalankhula Lamulungu, ndipo pa Luka 24:21 akunena kuti limenelo linali tsiku lachitatu chichitikire zinthuzo. Yesu akanapachikidwa Lachitatu, Lamulungu likanakhala tsiku lachisanu.