Kutenga galimoto yaliwiro pa ngongole, ngongole ya galimoto yoyamba isanathe

Anthu amene amalandira malipiro okhazikika, makamaka ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize ndi m'maofesi a mumzinda wa Tete, amafunsa kawirikawiri ngati banki ingawapatse ngongole yogulira galimoto yaliwiro monga Toyota 86, Nissan 370Z kapena Ford Mustang pamene akubwezabe ngongole ya galimoto imene ali nayo. Yankho ndi lakuti zimatheka, koma chimene chimalamula nkhani yonse ndi ndalama zimene zatsala pa ngongole yakale poyerekeza ndi mtengo umene galimoto yakaleyo ingagulitsidwe lero, ndipo ambiri amapita kukasankha galimoto yatsopano asanadziwe manambala awiriwa.

Banki ikalandira pempho lanu, imayamba yayang'ana m'kaundula wa angongole amene amasungidwa ndi Banco de Moçambique, wotchedwa Central de Registo de Crédito. Ngongole imene muli nayo ku BCI imaoneka kwa wogwira ntchito wa ku Millennium bim kapena Standard Bank, pamodzi ndi miyezi imene munachedwa kubweza, choncho kusintha banki sikubisa kanthu. Kenako amawerengera chimene iwo amati taxa de esforço, kutanthauza gawo la malipiro anu a pamwezi limene limapita ku ngongole zonse pamodzi. Banki iliyonse ili ndi malire ake, koma kawirikawiri sakondwa gawolo likapitirira kwambiri limodzi mwa magawo atatu a malipiro. Munthu amene prestação (ndalama zobweza ngongole mwezi uliwonse) ya galimoto yoyamba yadya kale theka la malire amenewo watsala ndi mpata wochepa kwambiri.

Tiyeni tiyike manambala ongoyerekeza. Tinene kuti pa ngongole yakale mwatsala ndi mametikali 600,000, koma ogula galimoto akukupatsani 450,000 basi, chifukwa galimoto imatsika mtengo msanga m'zaka zoyambirira pamene ndalama zambiri zimene mumabweza m'zaka zomwezo zimakhala zikulipira chiwongoladzanja, osati ngongole yeniyeniyo. Mukagulitsa, mutsala ndi ngongole ya 150,000 ya galimoto imene mulibenso. Wogulitsa galimoto kapena banki angakuuzeni kuti ndalamayi aiphatikiza mu ngongole yatsopano, ndipo mawu amenewa amamveka ngati thandizo. Pa chiwongoladzanja cha 24 peresenti pachaka kwa zaka 5, ngongole ya 1,500,000 yogulira galimoto yatsopano imafuna pafupifupi 43,150 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mumakhala mutabweza pafupifupi 2,590,000. Mukawonjezapo 150,000 ija, prestação imakwera ndi pafupifupi 4,300 pamwezi, ndipo chotsalira chaching'onocho chimadzakudyerani pafupifupi 259,000. Komanso galimoto yatsopanoyo imayamba tsiku loyamba ili ndi ngongole yoposa mtengo wake, moti ikachita ngozi n'kuwonongekeratu, ndalama zimene a inshuwalansi angapereke sizingakwane kutseka ngongoleyo.

Chiwongoladzanjacho sichikhala malo amodzi. Kuyambira mu 2017, ngongole zambiri m'dziko muno zimawerengedwa potsatira prime rate, mlingo woyambira wa chiwongoladzanja umene mabanki amatsatira, imene imalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo pamwamba pake banki imayikapo gawo lake molingana ndi mmene ikukuonerani. Mu 2023 prime rate inali pamwamba pa 20 peresenti, ndipo inayamba kutsika Banco de Moçambique itayamba kuchepetsa chiwongoladzanja chake cha MIMO mu 2024. Amene ali ndi ngongole ziwiri zoyendera mlingo umenewu, ukakwera zonse ziwiri zimakwera mwezi womwewo, malipiro ali pomwepo.

Palinso nkhani ya mapepala, imene imasokoneza anthu ambiri pa nthawi yogulitsa. Ngati galimoto yakale munaitenga pa leasing, mwini wake mwalamulo ndi banki mpaka mutamaliza kulipira, ndipo ngati inali ngongole wamba, n'kutheka kuti galimotoyo inalembedwa ngati chikole ku Conservatória, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa katundu. Kukhala ndi livrete, chikalata cha galimoto, m'thumba sikukupatsani ufulu woigulitsa. Muyenera kupempha banki kuti ikulembereni ndalama zonse zotsekera ngongole pa tsiku lakutilakuti, kuphatikizapo chindapusa cha kubweza nthawi isanakwane ngati mgwirizano wanu uli nacho, ndipo mukalipira mutenge kalata yomasula galimotoyo. Ena amangogwirizana ndi mnzawo kuti atenge galimoto n'kumapitiriza kulipira prestação, dzina pa ngongole lili lawo. Mnzanuyo akadumpha miyezi iwiri, dzina limene limada m'kaundula uja ndi lanu.

Galimoto yaliwiro nayo ili ndi zolipira zake zimene sizioneka pa mtengo wolembedwa pa intaneti. Yochokera ku Japan ikafika pa doko, despachante, munthu wokuthandizani kutulutsa katundu ku kasitomu, amakuwerengerani msonkho wa kasitomu, msonkho wapadera wotchedwa ICE umene umakwera injini ikakhala yaikulu, ndi IVA ya 16 peresenti, ndipo ndalama zimenezi zimafunika nthawi imodzi galimoto isanatuluke. Banki silola inshuwalansi yokakamizidwa ndi lamulo yokha ija, imafuna ya contra todos os riscos, imene imalipiranso galimoto yanu ikawonongeka, kwa nthawi yonse ya ngongole, ndipo mtengo wake umatsatira mtengo wa galimoto. Galimoto zimenezi n'zotsika pansi ndipo matayala ake ndi opyapyala m'mbali. Pa phula wosalala zimayenda bwino, koma wokhala ku Ulongué amene amalowa m'misewu yafumbi ya ku Tsangano kapena Macanga nthawi ya dzinja adzamva pansi pakukhula, ndipo rimu ikapindika pa dzenje, ina sangaipeze pafupi, amachita kuitanitsa ku Maputo kapena ku Johannesburg. Ndiye chifukwa chake ambiri amene amagula galimoto yotere safuna kugulitsa yakale ija, ndipo amapezeka akulipira prestação ziwiri, inshuwalansi ziwiri ndi mafuta a galimoto ziwiri.

Maganizo anga ndi akuti munthu amene ngongole yake yakale ikuposa mtengo wa galimoto yake adikire kaye. Ndalama zimene akanapereka ngati malipiro oyamba a galimoto yatsopano azigwiritse ntchito kuchepetsa ngongole yakaleyo kufikira itatsika kuposa mtengo wa galimoto, chifukwa metikali iliyonse imene wabweza msanga imasiya kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo. Amene ngongole yake yatsala pang'ono ndipo malipiro ake angasenze zonse ziwiri, apemphe mabanki awiri kapena atatu kuti amulembere simulação yosonyeza ndalama zonse zimene adzabweze pomaliza, osati za pamwezi zokha, ndipo afunse kuti prestação idzakhala ndalama zingati prime rate ikakwera ndi 3 peresenti.