Chiyembekezo cha anthu a ku Philippines chikuchokera kuti?

Chaka chikamatha, bungwe la kafukufuku la Social Weather Stations limafunsa anthu a ku Philippines ngati akulowa chaka chatsopano ndi chiyembekezo kapena ndi mantha. Kwa zaka zambiri, pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse akhala akuyankha kuti ali ndi chiyembekezo, ndipo kumapeto kwa 2023 anafika 96 mwa 100 alionse. Koma bungwe lomweli likafunsa mabanja ngati amadziona kuti ndi osauka, pafupifupi theka amavomera kuti ndi amphawi. Ntchito yanga ndi younika chuma cha mayiko, ndipo ndikuona kuti mayankho onse awiriwa ndi oona. Kuti timvetse, tiyambe ndi kumene anthuwa achokera.

Amene ali ndi zaka 50 lero anakula dziko lawo likutchedwa wodwala wa ku Asia. Ferdinand Marcos analamulira kuyambira 1965 mpaka 1986, ndipo pochoka anasiya ngongole yakunja yoposa madola 25 biliyoni. Mu 1984 ndi 1985 chuma chinatsika ndi pafupifupi 7 peresenti chaka chilichonse. Anthu atadzaza msewu wa EDSA ku Manila mu February 1986 n'kumuchotsa pampando, ufulu unabwera, koma ndalama zambiri za boma zinapitirira kuthera kubweza ngongole, pamene South Korea, Malaysia ndi Thailand anali kuthamanga.

Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Mu 2013, pa nthawi ya pulezidenti Benigno Aquino III, makampani atatu amene amayeza kudalirika kwa mayiko pobweza ngongole, Fitch, Standard & Poor's ndi Moody's, kwa nthawi yoyamba anaika Philippines m'gulu la mayiko amene munthu angawakongoze popanda nkhawa yaikulu. Izi zili ngati munthu amene wakhala akudalira katapila, tsiku lina banki n'kumutsegulira khomo: chiwongoladzanja chimatsika, ndipo ndalama zotsala zimatha kupita ku misewu ndi masukulu. Kuyambira 2012 mpaka 2019 chuma chinkakula ndi 6 peresenti kapena kuposa chaka ndi chaka. Mliri wa Covid-19 unachigwetsa ndi 9.5 peresenti mu 2020, koma mu 2022 chinakweranso ndi 7.6 peresenti. Munthu amene waona zonsezi ndi maso ake sakulota akamati mawa kudzakhala bwinoko.

Funso lofunika kwambiri ndi lakuti ndalamazi zikuchokera kuti, chifukwa m'menemo ndi momwe muli kunyada komanso ululu wa dzikoli.

Gwero loyamba ndi anthu amene anachoka. Kuyambira 1974 boma linakonza dala ndondomeko yotumiza nzika zake kukagwira ntchito kunja. Lero mupeza anamwino a ku Philippines m'zipatala za ku Britain, kumene ena akugwira ntchito limodzi ndi anamwino athu a ku Malawi ndi ku Zambia, olera ana ku Hong Kong, amisiri ku Saudi Arabia, ndi amalinyero pa sitima zapamadzi za dziko lonse lapansi. Mu 2023 anthuwa anatumiza kwawo madola oposa 37 biliyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 12 a chuma chonse cha dzikolo. Pulezidenti Corazon Aquino, amene analowa m'malo mwa Marcos, anawatcha ngwazi zatsopano za dziko, ndipo dzinali linakhazikika. Khirisimasi ikamayandikira, makatoni akuluakulu otchedwa balikbayan amafika m'makomo atamatidwa tepi mbali zonse. Mayi amene ali ku Dubai amakhala miyezi yambiri akudzaza katoni yake pang'onopang'ono: sopo, nyama ya m'chitini, chokoleti, nsapato za mwana zimene wagula poyerekeza chabe kukula kwa phazi, poti phazilo sanalione kwa zaka ziwiri. Ife amene tili ndi abale ku Joni tikudziwa bwino kuti ndalama zotere zimamanga nyumba ya malata ndi kulipira fizi, koma mwana amaleredwa ndi agogo. Mtengo umenewu sulembedwa m'mabuku a banki yaikulu, komabe ulipo ndipo ndi waukulu.

Gwero lachiwiri ndi anthu amene anatsala kwawo koma akugwirira ntchito makampani akunja kudzera pa foni ndi pa intaneti. Cha m'ma 2010 Philippines inaposa India pa ntchito yoyankha mafoni a makasitomala. Pofika 2023 ntchito zamtunduwu zinali ndi anthu pafupifupi 1.7 miliyoni, ndipo zinabweretsa madola pafupifupi 35 biliyoni. Chizungu chimene amaphunzira kuyambira kupulayimale ndicho chinawatsegulira mwayiwu. Popeza ku New York kukamacha ku Manila kumakhala kukuda, mtsikana wa mumzinda wa Makati kapena wa Cebu amalowa ntchito usiku, kuvala zomvera m'makutu, n'kuyamba kuthandiza munthu wa ku America amene khadi lake la kubanki lakana. Amaweruka dzuwa likutuluka. Malipiro ake ndi amene akudzaza masitolo akuluakulu ndi nyumba zosanja zimene alendo amachita nazo chidwi.

Nanga n'chifukwa chiyani theka la mabanja likudzitchabe losauka? Ziwerengero za boma zikusonyeza kuti umphawi watsika kuchoka pa 23.5 peresenti mu 2015 kufika pa 15.5 peresenti mu 2023. Kutsikaku n'koona, ndipo ndondomeko ya 4Ps, yofanana pang'ono ndi Mtukula Pakhomo wathu, yathandizapo: mabanja pafupifupi 4 miliyoni amalandira ndalama malinga ngati ana akupita kusukulu ndi kusikelo. Koma mzere umene boma limayezera umphawi ndi wotsika kwambiri. Banja likhoza kuudutsa koma n'kumasowabe tulo mpunga ukakwera mtengo. Ndipo unakweradi: mu March 2024 mtengo wake unali utakwera ndi pafupifupi 24 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Kumayambiriro kwa 2023 kilo ya anyezi inkadula kuposa kilo ya nkhuku. Chimandiwawa n'chakuti dziko limene lili ndi likulu la kafukufuku wa mpunga la IRRI ku Los Baños kuyambira 1960 lili pakati pa mayiko amene amagula mpunga wambiri kunja. Chuma cha m'tauni chathamanga, mlimi ndi msodzi atsala m'mbuyo.

Kunyadira dziko kuli ndi magwero enanso osakhala ndalama. Hidilyn Diaz atapata mendulo yoyamba ya golide ya dzikolo pa Olympics, pa masewero onyamula zitsulo ku Tokyo mu 2021, ndi Carlos Yulo atapata ziwiri ku Paris mu 2024, dziko lonse linasangalala. Jollibee, kampani yawo yogulitsa nkhuku yokazinga, inaposa McDonald's kwawo konko ndipo inatsegula nthambi ku London.

Ena amati chiyembekezo chotere chimagonetsa anthu tulo kuti asamafunse atsogoleri awo. Sindikugwirizana nawo. Dzikoli limakumana ndi anamondwe pafupifupi 20 pa chaka, ndipo Haiyan yekha anapha anthu oposa 6,000 mu November 2013. Ndiye zitamveka mu 2025 kuti ndalama zomangira zotchinga madzi osefukira zinadyedwa, ntchito zina zili papepala pokha, anthu miyandamiyanda anakhamukira m'misewu ya Manila pa 21 September. Munthu amene wataya mtima pa dziko lake sapsa mtima choncho.

Chimene ndikuda nacho nkhawa ndi kutsogolo kwa magwero awiri aja. Onse amadalira zisankho za anthu akunja. Dziko lolemba anamwino likhoza kusintha malamulo a ziphaso, ndipo makompyuta anzeru ayamba kale kuyankha mafunso osavuta amene ankayankhidwa ndi anthu ku Cebu. Mafakitale, amene anatukula Vietnam, sanakule mokwanira ku Philippines, mwa zina chifukwa magetsi ake ndi ena mwa odula kwambiri m'chigawocho. Theka la anthu oposa 110 miliyoni a dzikoli ndi a zaka zosafika 30, ndipo chaka chilichonse achinyamata masauzande ambirimbiri amatuluka m'sukulu kukafuna ntchito imene ingawasunge kwawo.