Siteshoni ya Chiromo inafa bwanji?

Kuyambira pomwe sitima ya mafuta inafika pa Marka, kumalire a Nsanje ndi Mozambique, mu 2024 anthu akhala akukangana za njanji ya Marka-Bangula, kuti ikuchedwa, kuti ndalama zachuluka, koma ine chikundiwawa nchakuti palibe amene akutchula Chiromo, pomwe kuchoka pa Bangula nkungowoloka Shire basi.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti Chiromo inali doko lalikulu. Pamene Ruo akuthira mu Shire paja, masitima a pamadzi ochokera ku Zambezi ankaima pomwepo m'ma 1890, ndipo njanji yoyamba ya Shire Highlands Railway inkayenera kuyambira pa Chiromo penipenipo. Madzi a Shire ataphwa anaitalikitsa mpaka Port Herald, Nsanje yathuyi, ndiye sitima inafika Blantyre mu 1908. Kenako mlatho wa njanji wa Dona Ana pa Zambezi ku Mozambique unatsegulidwa mu 1935, katundu wa dziko lonse nkumadutsa pa Chiromo kupita ku Beira.

Ambiri amati siteshoniyi inaphedwa ndi nkhondo ya ku Mozambique. Mbali ina akunena zoona, m'ma 1980 njira ya ku Beira inatsekeka, ndipo ya ku Nacala yodzera Nkaya inali itayamba kale kulanda katundu kuyambira 1970. Koma izi zinapha bizinesi ya kunja chabe, sitima ya anthu wamba inkayendabe mpaka Nsanje, amayi nkumakweza nsomba zouma za mu Elephant Marsh, mbatata, mpunga kupita nazo ku Limbe.

Chinathyola msana ndi 1997. Madzi osefukira anakokolola dothi lomwe njanji inakhalapo pakati pa Bangula ndi mlatho wa Chiromo, nkusiya chimtsinje chatsopano chomwe anthu anangochitcha Mtayamoyo. Mlatho weniweniwo unatsala chiimire koma mbali imodzi sukufika paliponse, ndipo pajatu pankadutsanso magalimoto, ndiye njanji ndi msewu zinadukira limodzi. Munthu wa ku East Bank akafuna kupita ku Bangula anayamba kukwera bwato, njinga yake, thumba la chimanga, wodwala, zonse m'bwato momwemo, m'madzi muli ng'ona ndi mvuu. Sitima nayo inayamba kubwerera pa Makhanga, mpaka madzi a mu Januwale 2015 anadzawononganso mbali imeneyo.

A boma ndi a njanji amati malowa ndi ovuta, mtsinje umasinthasintha njira, ndipo kampani ya Central East African Railways (CEAR) pomwe inkatenga njanji mu 1999 inapeza poduka kale. Sindikukana kuti ndi ntchito yodula. Koma mu 1948 mlatho wa pa Chiromo pomwepa unagwetsedwa ndi madzi, patangotha zaka zochepa wina anali atamangidwa, chifukwa fodya ndi tiyi zinkadutsa pamenepo. Mu 1997 odutsa anali anthu a ku Makhanga ndi Muona basi, ndipo njanji yomwe ikumangidwa panoyi nayonso ikuthera pa Bangula.