Mfumu ikagona, za mpando n'ziti ndipo za ana n'ziti?

Mfumu ikatsirizika usiku kuno ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, m'mawa mwake anthu amatha kupita kudimba osadziwa kanthu. Amayi a pakhomopo amauzidwa kuti agwire mtima, asayambe kubuma maliro akuluakulu asanalole. Ana ambiri amene ndimawaphunzitsa mbiri yakale amaona ngati kumeneku n'kunamiza mudzi. Ine ndimati ayi, pali chifukwa chake chomveka. Koma palinso zina zimene zimabisala m'kati mwa mwambowu zimene sindingaziikire kumbuyo.

Tiyambe ndi kuchedwa kwa uthenga. Mfumu siimvera maliro a mnzake pamsika. Nduna ndi eni mbumba amayamba akhala pansi, kenaka n'kutuma munthu wodalirika kwa mfumu yaikulu ya deralo, ndipo wotumidwayo sapita chimanjamanja, amanyamula nkhuku kapena kandalama. Poti malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula mabanja pakati, uthenga wina umayenera kuoloka ku Calómuè kupita ku Dedza m'Malawi, wina ku Cassacatiza kulowa m'Zambia. Achewa a maiko atatuwa amalambira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete, ngakhale kuti likulu lakale la Undi, Mano, linali konkuno ku Tete. Angoni a kwa Maseko nawonso ali mbali zonse ziwiri za malire: a Zintambira kuno, a Gomani ku Ntcheu. Wachibale wamkulu akamvera imfayo kwa odutsa m'njira, mlandu wake ungathe zaka.

Pa nthawi yomweyo pamakhala ntchito yosonkhanitsa zinthu za ufumu: ndodo, mpando, litchowa, mabuku a milandu ndi a malire a minda, chidindo. Kale masiku amene mpando uli wopanda munthu anali oopsa kwabasi. Chikuse, mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko, atamwalira mu 1891, mkangano umene unalipo kale pakati pa nyumba ziwiri za Angoni unakula n'kukhala nkhondo ya Gomani, mwana wa Chikuse, ndi Kachindamoto. Lero mikondo kulibe, koma amene wagwira chidindo ndi buku la minda masiku atatu oyambirira amakhala wapita kale patsogolo pa mlandu wa ufumu. Akuluakulu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayamba atseka zinthuzo kenaka n'kulengeza.

Boma nalonso lili ndi mbali yake. Ufulu utabwera mu 1975, ma regulo, mafumu amene ankavomerezedwa ndi boma la Apwitikizi, anachotsedwa mphamvu. Lamulo la Decreto 15/2000 ndi limene linawabwezera ulemu pamaso pa boma, ndipo Malamulo Aakulu a dziko a 2004, pa ndime 118, amavomereza ufumu wa makolo. Kuchokera pamenepo mafumu ovomerezeka analandira yunifomu, mabaji ndi mbendera, motero a ku posto (ofesi yaing'ono ya boma ya m'dera) ndi a ku boma ayenera kuuzidwa msanga. Koma kusankha wolowa m'malo si ntchito ya administradoro, bwanamkubwa wa boma. Ake n'kuvomereza amene eni ake asankha.

Kaikidwe kake kamasiyana. Kwa Achewa maliro a mfumu ndi a Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zilombo zikuluzikulu monga njovu sizitulukira munthu wamba. Adzukulu amagwira ntchito yawo kumanda, ndipo zina zimachitika usiku, anthu ochepa okha ali pomwepo. Zimenezo n'za kudambwe, sindizilemba pano. Kwa Angoni mwambo wakale unali wokulunga mfumu m'chikopa cha ng'ombe n'kuiika itakhala tsonga, kufupi ndi khola, amuna akuvina ngoma ndi zishango m'manja. Masiku ano bokosi, chikopa ndi wansembe zimakumana pa maliro amodzi, ndipo ine sindiona cholakwa pamenepo.

Ena amaganiza kuti kubisa mbali ina ya maliro n'kutsalira kwa ife akumudzi. Taonani za ku Britain. Mfumukazi Elizabeth II inamwalira pa 8 Seputembala 2022 ku Balmoral, ndipo mwambo wa pa 19 Seputembala ku Westminster Abbey unaonetsedwa pa kanema dziko lonse lapansi. Koma kuika m'manda kwenikweni kunachitika madzulo a tsiku lomwelo ku Windsor, m'kachipinda ka King George VI Memorial Chapel, pali a pabanja okha, popanda kamera. Bokosi lisanatsitsidwe, chisoti chaufumu, ndodo yachifumu ndi mpira wagolide zinachotsedwa pamwamba pake n'kuikidwa pa guwa, pakuti zinthuzo sizinali za Elizabeth, zinali za mpando. Kwa Azulu, kumene Angoni amalozera chiyambi chawo, Mfumu Goodwill Zwelithini itamwalira pa 12 Malichi 2021 inaikidwa usiku ku Nongoma ndi amuna ochepa osankhidwa, ndipo mwambo wa anthu onse unachitika kutacha.

Tsono ndifike pamene pamandiwawa. Munthu amene wagona m'bokosimo anali mfumu, inde, komanso anali mwamuna wa munthu ndi bambo wa ana. Kwa Achewa ufumu sutsata mwana wobereka. Umapita kwa mng'ono kapena kwa mwana wa mlongo, ndipo amayi a mbumba ndiwo ali ndi mawu aakulu pa kusankhako. Umenewu ndi mwambo wabwino, wasunga maina a mafumu kwa zaka mazanamazana. Vuto limabwera pamene achibale atenga lamulo la mpando n'kuligwiritsa ntchito pa katundu yense. Ndakhalapo pa maliro pamene mayi wamasiye, misozi isanaume, anauzidwa kuti nyumba ya malata, ngolo, njinga yamoto ndi dimba la mbatatesi zonse n'za ufumu, iye atenge mapoto ake azipita kwawo. Dimbalo analima ndi manja ake kwa zaka zambiri. Atafunsa, anamuyankha kuti za maliro a mfumu safunsa mkazi. Kumeneko sikusunga mwambo, n'kulanda chuma cha amasiye mobisalira kumbuyo kwa mwambo.

Lamulo la Mozambique pankhaniyi silizungulira. Lamulo la chuma cha masiye la 2019, Lei 23/2019, linaika mkazi kapena mwamuna wotsala m'gulu loyamba la olandira chuma, pamodzi ndi ana a malemuyo, ndipo limaganiziranso amene ankakhala limodzi monga banja ngakhale sanalembetse ukwati. Silinena kuti ana a mfumu ndi osiyana ndi ana ena. Ndodo, mpando, chidindo, malo a manda ndi malo a mudzi amene mfumu inkangoyang'anira m'dzina la anthu, zimenezo zipite kwa wolowa ufumu. Ng'ombe zimene munthu anagula ndi ndalama za fodya wake, nyumba imene anamanga ndi mkazi wake, ndalama za ku banki kapena za pa M-Pesa, zimenezo n'za banja lake. Ku Britain komwe kusiyanitsaku kulipo: Buckingham Palace ndi ya mpando, pamene Balmoral ndi Sandringham zinali chuma chakechake cha mfumukazi. Kumene sanalongosole bwino, ngakhale ufumu waukulu umagwedezeka. Zwelithini anasiya akazi 6 ndi ana 28, ndipo mikangano ya wilo, ya chuma ndi ya mpando inakathera m'makhoti a South Africa kwa zaka zingapo.

Palinso nkhani ya mafoni. Masiku ano uthenga umafika pa WhatsApp wotumidwa uja asanapalase n'komwe njinga. Ena amajambula thupi, ena amalemba pa Facebook matenda amene atenga mfumu, ena amayamba kutchula akazi ndi ana a kumbali. Anthu ali ndi ufulu wodziwa kuti mfumu yawo yapita, kuti adzaika liti, ndiponso kuti ufumu ukusungidwa ndi yani podikira. Matenda ake ndi za m'nyumba mwake n'za banja. Mwana wa mfumu amene ali ku sukulu ku Tete kapena pa ntchito ku Moatize sayenera kuona nkhope ya bambo ake pa foni amalume ake asanamuimbire.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa amene muwerenge izi kapena kuwerengeredwa, ndikupempha mwaulemu: musadikire tsikulo. Itanani nduna, eni mbumba, akazi anu ndi ana anu mukadali ndi mphamvu, mulembe mapepala awiri, lina la zinthu za mpando, lina la zanu, mboni zisainire. Pepala limodzi likhale kwa mfumu yaikulu, lina kwa a pabanja. Ndipo inu otsala, mwambo ukamayenda, wina apite ku Registo Civil, ofesi ya kaundula wa boma, kukalembetsa imfayo, chifukwa popanda chikalata chimenecho mayi wamasiye sangayambe n'komwe kutsata ndalama za ku banki kapena penshoni ya mwamuna wake.