Zimene mbewa zatiululira za matenda ofoola minofu

Kuno ku Ntcheu, munthu dzanja likafooka mpaka khasu kumampulumuka, abale amati ndi sitiroko, ena amati walodzedwa. Pa ntchito yanga ya fiziyo (kuthandiza odwala kulimbitsa minofu ndi mafupa) ndaonapo odwala angapo amene vuto lawo linali lina, matenda otchedwa motor neuron disease kapena ALS. Sitiroko imagwa tsiku limodzi. Awa amadya munthu pang'onopang'ono: minofu imaonda n'kumagundagunda yokha, kenako kumeza ndi kupuma kumavuta, chonsecho ukamutsina akumva bwinobwino.

Chimene chimafa ndi maselo a mitsempha olamula minofu. Ena ali mu ubongo, ena mu msana, ndipo amapatsirana uthenga mpaka ukafike ku chala.

Ubongo wa munthu wamoyo sitingautsegule kuti tione pamene vuto layambira. Apa ndi pamene mbewa zathandiza, osati zapampani za m'mbali mwa msewu wa M1 zija, koma zoweta mu labotale. Mu 1993 asayansi anapeza kuti m'mabanja ena matendawa amachokera ku jini (kachidutswa ka malangizo a thupi kamene timatengera kwa makolo) yolakwika yotchedwa SOD1. Mu 1994, ku Northwestern University ku America, anaika jiniyi mu mbewa. Mbewazi zimabadwa zathanzi, miyendo imayamba kufooka pa miyezi itatu, ndipo zimafa zisanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti ubongo wake umasintha mbewayo ikuthamangabe. Selo la mu ubongo lili ngati mtengo wa nthambi zambiri, ndipo pa nthambizo pali timinga tolandirira uthenga. Timingati timayamba kuthothoka, nthambi kumafota, selo n'kumathetheka mopitirira muyeso ngati waya wa magetsi wosupuka. Kumapeto kwa mtsempha nako, nsonga zimalekana ndi minofu selo lenilenilo lisanafe. Tsiku limene khasu likugwa, matenda amakhala atayenda kale ulendo wautali mobisa.

Komabe mbewa si munthu. Jini ya SOD1 imapezeka mwa odwala awiri okha pa 100 alionse. Mwa ambiri mumaunjikana puloteni ina, TDP-43, imene inadziwika mu 2006 kuti ikukhudzana ndi matendawa. Mankhwala a minocycline anathandiza mbewa, koma atayesedwa pa anthu, amene anamwa anafooka msanga kuposa amene sanamwe. N'chifukwa chake ndimachenjeza mabanja akamva za "mankhwala ochiza" pa Facebook. Riluzole, wovomerezedwa mu 1995, amangowonjezera miyezi yochepa. Tofersen, amene America inavomereza mu 2023, ndi wa odwala a SOD1 okha, ndipo njira yake inayamba kuyesedwa pa makoswe ndi mbewa zomwezi.